Ufulu wa gasi kum'mawa kwa Ohio: ndigule kapena ndisiye?

Wa ku Columbus: Abale, ndithandizeni nzeru. Mnzanga wa kuntchito akugulitsa ufulu wa gasi wa pansi pa munda wa makolo ake kum'mawa kwa Ohio, ku America. Akuti pansipo pali miyala yokhala ndi gasi yotchedwa Marcellus ndi Utica yomwe. Koma pepala lili m'manja mwangamu likuti ufuluwo ukuyambira pamwamba mpaka pamene Marcellus wathera. Ndigule?

Wamiyala: Achimwene, mawu a papepalawo ndi amene andidetsa nkhawa. Kuno ufulu amaudula motsatira kuya kwa nthaka. Mwala wa Utica uli pansi pa Marcellus, ndipo ku Pennsylvania pakati pa iwiriyi pamatha kukwana kilomita imodzi kapena ziwiri. Mukasaina pepala limenelo, Utica si wanu. Marcellus nawonso ku Ohio ndi wopyapyala. Kumpoto chakum'mawa kwa Pennsylvania umaposa mamita 60, koma ukamapita kumadzulo umachepa mpaka osakwana mamita 15.

Mayi a ku Pittsburgh: Musamuopseze chonchi mwana wa eni. Marcellus ndi umene unasintha dera lino kuchokera 2004, pamene kampani ya Range Resources inapeza gasi wa mu mwalawu pa chitsime chake ku Washington County, ku Pennsylvania. Ngati mundawo uli m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, monga ku Monroe County, zitsime za Marcellus ziliko. Mtengo ukakhala wabwino, ine ndikhoza kugula.

Wamiyala: Zoona mayi, ziliko, koma zambiri za ku Ohio ndi zakuya. Mayinawa amasokonezanso. Zitsime zambiri zomwe anthu amati za Utica zimalunjika mwala wa pansi pake, wotchedwa Point Pleasant. Mwala wina umene ku New York amati Geneseo, ku Pennsylvania amati Burket. Dzina limachokera pamalo pamene mwala unaonekera poyera: katswiri wa miyala James Hall anatchula Marcellus mu 1839 potengera kamudzi ka ku New York. Choncho dzina lokha silikuuzani kuti pansi pa munda wanuwo mwala ndi wokhuthala bwanji.

Mayi a ku Pittsburgh: Ndiye afunse loya, asangothawa.

Wa ku Columbus: Ndamuimbira mnzanga uja. Akuti bambo ake anagulitsa kale ufulu wa miyala yakuya, iyeyo sankadziwa. Lolemba ndipita ku ofesi ya kaunti kukaona mapepala akale. Wamiyala, mapu oonetsa kukhuthala kwa Marcellus ndingawapeze kuti?

Wamiyala: Yambani ndi a USGS, bungwe la boma la America lofufuza za miyala, ndi aulere. Munditumizire dzina la kauntiyo tiyang'anire limodzi.