Kachitsulo ka mizere yokhotakhota aka ndi ka makina anji?

Chiko_waBooysens

Abale ndithandizeni amene munagwirako za makina. Ndimagwira ntchito pa yadi ya sikirapu kuno ku Joni, ndiye kunabwera lole ya zitsulo zochokera ku okushoni, mwini wake anangoti ndi zotsala za makina a makalata basi zambiri sakudziwa. Zochuluka zinali malamba, marola a labala ndi mamota akufa koma pali kachitsulo kamodzi ndakapatula chifukwa mtima ukukana kukaponya pa sikelo.

Ndi kozungulira, kukula kwake ngati kabotolo kakang'ono ka Vaseline koma kolemera heve, chitsulo chenicheni cholimba. Mbali imodzi kali ndi mizere 7 yotukuka yokhotakhota yoyenda mozungulira mpaka pafupifupi theka, pambali pa mizereyo pali bowo lozungulira lopanda kanthu ndi kasikuluwu kakang'ono kolowera cham'mbali. Mbali inayo anachita kuseteka fulati. Pakati padutsa shafuti, ndiye kumunsi kwa shafutiyo kuli sipuling'i yokulungidwa thinithini mkati mwa kakolala kokhala ndi dzino limodzi. Ukapotoza kumunsiko chonse chimazungulira limodzi koma ukagwira dzino lija kumunsi kumangoyenda kokha, chapamwamba chili phee. M'mizeremo muli zakuda zouma zosachoka ndi madzi. Nambala sindikuiona paliponse. Ndi chani chimenechi, ndipo chili ndi ntchito kapena ndingochigulitsa pa kilo?

Amfumu_Welder

Ine ndikuona ngati ndi rola yokokera pepala, mizereyo ndi yoti pepala lisamaterereke. Zakudazo mwina ndi labala inasungunuka. Pala ndi waya bulashi pa gulainda uone ngati nambala ingatuluke pansi pa dothilo.

Gogo_waPositi

Ayi ayi mwana wanga, gulainda usayerekeze. Chimene wagwiracho ndi chidindo chophera masitampa, cha pa makina osati cha pamanja chija mumachiona pa kauntala. Ine ndinakalambira mu sotingi ofesi, ndinayamba nthawi imene positi ndi matelefoni zinali bungwe limodzi zisanagawike mu 2000, ndiye chinthu chimenechi ndachipukutapo ndi manja angawa.

Tenga envulopu yakale iliyonse yochokera kunja imene makolo ako anasunga, uyang'ane pamwamba kumanja. Uona mizere yokhotakhota itadutsa pa sitampa, kumanzere kwake kuli kabwalo kolembedwa dzina la tauni ndi deti. Mizere imeneyo ndi yomwe ili pa chitsulo chakocho. Ntchito yake ndi kuipitsa sitampa kuti munthu asaimatule n'kukaimatanso pa kalata ina. Bowo lopanda kanthulo ndi mmene munkakhala kabwalo ka dzina la tauni, ndipo pakati pa kabwaloko tinkalowetsamo tizitsulo ta tsiku, mwezi, chaka ndi nthawi, tonse tolembedwa chagada. Kasikuluwu ka m'mbali kaja ndi komangira zimenezo. M'mawa uliwonse munthu amasintha deti ndi kapanira, n'kudinda kaye papepala loyesera, akuluakulu aone kuti deti ili bwino makalata asanayambe kudutsa. Sizinali zamasewera chifukwa deti ya pa envulopu inkatha kukhala umboni kukhoti kapena pa kalata yofunsira ntchito kuti munthu anatumizadi nthawi isanathe.

Mbali yosetekayo sikuti inadyeka, anapanga dala. Chidindo chikaima, mbali ya fulatiyo imayang'ana njira ya kalata kuti kalata ilowe osakhudza inki. Makalata amayenda choimirira, chammbali, sitampa ili pansi. Kalata ikafika imakankha kachala kachitsulo, chidindo chizungulira kamodzi kokha n'kuimanso pomwe chinali, kudikira ina. Kuseri kwa kalata kumakhala rola ya labala yoipanikiza, ndipo mbali ina kuli rola ya felti yonyowa inki imene imapaka mizere ija pozungulira. Zakuda ukunenazo ndi inki ya mafuta, ndi chifukwa chake madzi sakuchotsa. Viika mu palafini usiku umodzi, utsuke ndi mswachi wakale.

Tekinishani_Leeds

Gogo anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za kumunsiko chifukwa ndi zomwe ndimadyera kuno ku UK, ndimakonza makina opinda ndi kulowetsa makalata mu envulopu. Pa chingerezi chapamwambacho amati die hub, mukafuna kusaka zithunzi pa intaneti lembani choncho pamodzi ndi cancelling machine mufananize.

Sipuling'i ndi kakolala ka dzino limodzi ndi kilatchi, mtundu wake ndi wrap spring clutch. Mota imazunguza kumunsi osaima. Sipuling'i ija yavala mbali zonse ziwiri, yoyendetsa ndi yoyendetsedwa, ndiye ikazungulira kulowera komwe inakulungidwira imafinya zonse ziwiri n'kukhala ngati chitsulo chimodzi. Nsonga imodzi ya sipuling'i inakodwa mu kolala. Chinthu chikatchinga dzino la kolala, sipuling'i imamasuka pang'ono chabe, yosaoneka ndi maso, koma zokwanira kuti chapamwamba chiime mota ikuyendabe. Dzino ndi limodzi chifukwa akufuna kuzungulira kumodzi pa kalata imodzi. Mukanapeza mano awiri ndiye kuti ndi theka theka. Pa makina akale chotchinga dzinocho chinkasunthidwa ndi kachala kamene Gogo anena, pa apambuyo pake anaika diso la magetsi ndi solenoid, koyilo ya waya imene imakoka kachitsulo magetsi akadutsamo. Ndiye zimene mwaona achimwene kuti mukagwira dzino kumunsi kumayenda kokha, si kuwonongeka, ndi umboni woti kilatchi yanu ikadali moyo. Chonde musathiremo girizi wolemera kapena kuchapa mkati ndi palafini, viikani mutu wokha, kilatchi ikhale kunja. Ikayamba kuterereka chidindo chimachedwa ndipo mizere imakagwera pambali pa sitampa.

A Welder sanalakwitse kwambiri poganiza za rola chifukwa m'makina amenewa marola ndi ambirimbiri, koma rola yokoka pepala imakhala ya labala kapena ya timizere towongoka topingasa, ndipo kawirikawiri imakhala yozungulira yonse. Chitsulo cholimba chosetekedwa mbali imodzi ndiye kuti chimayenera kukhudza pepala nthawi ina, nthawi ina ayi. Ine ndikapatsidwa chitsulo chosadziwika ndimayamba kuona pamene padyeka ndi pamene pali dothi ndisanayambe kusaka nambala, chifukwa pamenepo ndi pomwe chimakuuza chinkakhudzana ndi chani.

Kuti mudziwe kochokera, pezani venya (chipangizo choyezera kunenepa kwa zitsulo) muyeze shafuti. Ikakhala 12.7 mm kapena 9.5 mm ndiye ndi ma inchi, hafu inchi ndi 3/8, kutanthauza America kapena Britain wakale, ndipo dzina loyamba kuliganizira ndi Pitney Bowes, kampani imene inayambira ku Stamford, Connecticut mu 1920 ndipo inapanga makina ambiri otere. Ikakhala 10 kapena 12 ndendende ganizani Germany kapena Japan, monga NEC ndi Toshiba amene anagulitsa makina osanja makalata m'maiko ambiri. Yesaninso alenikii (kasipanala kolowa m'mutu mwa sikuluwu) pa kasikuluwu kaja, ya mamilimita ikamagwedera kapena kukana kulowa ndiye yankho mwalipeza. Nambala kawirikawiri amaidinda pamwamba kapena pansi pa mutuwo, osati m'mbali.

Chiko_waBooysens

Zikomo kwambiri Gogo ndi a Tekinishani. Ndaviika mutu wokha monga mwanenera, inki yasungunuka mpaka palafini yense bii. Ndinabwereka padi ya inki ku ofesi n'kugubuduza papepala, mizere yatuluka bwinobwino 7 yonse, kungoti wam'munsi ukuoneka mofooka. Shafuti ndi 12.7. Pansi pali manambala koma awiri okha ndi amene akuwerengeka. Funso lina, bwana wanga akuti ndi cha franking machine ngati imene inali ku kampani yomwe ankagwira kale, ndiye ndi chimodzimodzi kapena?

Gogo_waPositi

Ndi pachibale koma si chimodzi. Makina amene bwana wako akunena amakhala ku makampani, mabanki ndi maofesi a boma, amadinda mtengo wa positi pa envulopu m'malo mwa sitampa, ndipo mkati muli mita yowerenga ndalama imene ankaitengera ku positi kukalipira, ife n'kuitchera n'kuimanga ndi silo yoti munthu asaitsegule. Inki yake inali yofiira. Chako chatulutsa yakuda ndipo palibe mawilo a manambala a ndalama, ndiye ndi chophera masitampa basi. Mzere wam'munsi wofookawo wadyeka, chagwira ntchito zaka zambiri chimenecho.

Tekinishani_Leeds

Eya, mtundu wa inki ndi umboni wabwino, ngakhale kuno masiku ano franking yambiri inasanduka yabuluu. Ndi 12.7 imeneyo ine ndikupendekera ku America, koma modelo yeniyeni ndi manambala awiri okha sitingailoze, ndipo mutu ngati umenewu unkapezeka pa makina aang'ono a patebulo komanso pa akuluakulu. Yang'anani m'mulu womwewo. Mukapeza malamba aatali opyapyala ambiri, tizitseko tokhala ndi solenoid ndi nyali yooneka ngati kachubu, ndiye kuti chinachokera pa facer canceller, makina amene amadzipezera okha pomwe pali sitampa n'kutembenuza kalata asanaidinde. Nyaliyo ndi ya UV, kuwala kosaoneka ndi maso. Masitampa amawapaka mankhwala otchedwa phosphor amene amawala ikawaunika, kuno anayamba zimenezo mu 1959, ndipo izi zisanabwere anayesapo mizere ya graphite (zakuda za mu pensulo zija) kuseri kwa sitampa ku Southampton mu 1957. Makina akuluakulu a mtundu umenewu amatha makalata cha m'ma 30,000 pa ola, ndiye taganizani kachitsulo kanuko kakunyamuka ndi kuima kangapo pa sekondi imodzi tsiku lonse, n'chifukwa chake anakapanga kolimba chonchi. Mukaipeza nyaliyo musaiyatse n'kumaiyang'ana, imawotcha maso.

Za kugulitsa, ngati sipeya msika ndi wochepa chifukwa malo akuluakulu osanjira makalata anasamukira ku inkjet, mizere yokhotakhota ikadalipo pa envulopu koma amachita kupopera, palibe chitsulo chokhudza pepala. Kilatchi payokha ikhoza kugwira ntchito pa makina ena ngati saizi ikugwirizana. Koma amene angachifune kwambiri ndi anthu osonkhanitsa masitampa ndi zinthu zakale za positi, ndipo ku South Africa magulu awo alipo. Pa kilo mupezapo ndalama yosakwana ndi buledi yemwe.

Mai_aTadala_PTA

Ine za makina sindidziwa koma ndinagwirako mu mail room ya kampani ina ku Pretoria, ndiye ndingochenjeza. Ngati mu sikirapu imeneyo mutapezeke kabwalo ka dzina la tauni kaja ndi madeti ake, kapena mita ya franking, musathamangire kuika pa Facebook. Zimenezo zimakhala m'kaundula, kwathu mita itatha ntchito anabwera eni ake kudzaitenga ndipo tinasainirana, sinapite ku bini. Chidindo chokhala ndi dzina la positi ofesi ndi deti munthu woipa akhoza kubwezera nacho masiku m'mbuyo pa kalata, mlandu n'kugwera inu amene munagulitsa. Sungani pepala la okushoni losonyeza kuti katunduyo anagulidwa bwino.

Chiko_waBooysens

Ndamva mayi. Ndafufuza mulu wonse kabwaloko kulibe, mita kulibenso, koma malamba opyapyala ndi tizitseko ta solenoid tilipo 4, nyali sindinaione. Bwana wavomera kuti ndichigule pa mtengo wa sikirapu ndipo andipatsa kope ya risiti ya okushoni. A Tekinishani ndikutumizirani chithunzi cha manambala aja ndikawapaka choko kuti aoneke, mwina ena awiri atuluka. Tizitsekoto ndisunge kapena tipite pa sikelo?

Tekinishani_Leeds

Sungani ma solenoid, yezani kaye ndi mita yoyezera magetsi ngati koyilo sinapse ndipo muwerenge voteji pa lebulo musanalumikize ku magetsi, ambiri amakhala 24V DC. Tumizani chithunzicho, mujambule ndi tochi yowunikira cham'mbali osati fulashi.