Gulu la banja: za opaleshoni ya Mayi

Achemwali: Mwaswera bwanji nonse. Tangotuluka kwa dokotala kuno ku Queens. Zotsatira zabwera, si khansa ya kummero ayi. Akuti ndi achalasia, ndipo pakufunika opaleshoni.

Malume: Ambuye alemekezeke. Koma nanga kuwonda konseku? Dzinalo ine ndi loyamba kulimva.

Msuweni (namwino): Malume, pomwe njira ya chakudya imalowera m'chifu pali mnofu womwe umatseguka munthu akameza. Wa Mayi wasiya kutseguka. Chakudya chimangounjikana pamwamba, n'chifukwa chake amabzikula usiku mpaka pilo kunyowa, ngakhale madzi amawatsamwa. Poti zatenga zaka, njirayo yafutukuka ngati sokosi yakale.

Achemwali: Anawamwetsa mankhwala oyera aja a barium n'kujambula. Ndaona ndekha chithunzicho, kumtunda kotakata, kumunsi kosongoka ngati mlomo wa mbalame.

Mayi aang'ono: Ine ndinanena kale kuti tipite nawo kwa bambo uja wa zitsamba. Mpeni pa munthu wofooka chonchi?

Msuweni (namwino): Mayi, chitsamba sichingatsegule mnofuwo. Opaleshoniyi amati Heller myotomy, inayamba kale mu 1913. Amang'amba mnofu wothinawo, kenako amapinda mbali ya chifu n'kusokerera pamenepo kuti chilungulira chisawavute. Kuchedwa ndiye koopsa, zobzikulazo zikhoza kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Achimwene (Joni): Kuno ndamva za ina yolowetsa kamera pakamwa osang'amba mimba, POEM. Sizingatheke?

Achemwali: Achimwene, dokotala wasankha ya Heller. Wanenanso mosabisa kuti njira ikafutukuka chonchi nthawi zina siithandiza mokwanira, ndiye pamafunika ina yaikulu, yochotsa njirayo n'kukokera chifu m'mwamba. Koma tiyambe ndi iyi.

Malume: Chabwino, ine ngati mwinimbumba ndavomera. Tsopano gadiyani ndani?

Achemwali: Sabata yoyamba ndine, ndapempha tchuthi. Yachiwiri sindingathe.

Mlamu: Ine ndikhala yachiwiri, bola wina azinditengera ana kusukulu.

Chitsiriza: Ana ndi ine alamu, musadandaule.

Mayi aang'ono: Basi ndibwera ndi ufa woyera ndi nkhuku, adye apeze mphamvu asanalowe.

Msuweni (namwino): Chonde nsima ayi! Masiku angapo opaleshoni isanachitike ndi zamadzimadzi zokhazokha kuti njirayo iyere. Akatuluka ayamba ndi zakumwa, kenako phala losalala, msuzi, mbatata yokanya. Nkhukuyo isungeni, tidzakuuzani. Pogona mutu uzikhala pamwamba, mapilo awiri kapena atatu.

Achimwene (Joni): Za thiransipoti, mkaka ndi Likuni Phala ndituma mawa. Koma enanu musangoti zii poti wa ku Joni alipo, randi siyotola pansi.

Malume: Wanena zoona. Nyumba iliyonse isonkhe pofika Lachisanu, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba kwa mlamu wanu, iye alembe pano amene wapereka. Magazi akafunika, anyamata mukhale okonzeka.

Chitsiriza: Ine ndipereka magaziwo, ndalama ndilibe 😅

Achemwali: Foni yatsala pang'ono kuzima. Wobwera mawa anditengere chaja ndi fulasiki yaikulu ija.