Za galimoto yochedwa kulowa giya ija, nazi zimene tapeza

Paja ndinafunsa za galimoto yanga yakale ya otomatiki: m'mawa ukaika pa D (giya yoyendera kutsogolo), injini imangolira kaye, kenako giya n'kulowa mogwedeza. Zikomo nonse amene munati ndiyambe ndaona oilo wa giyabokosi. Tinamuyeza injini itatentha, ikulira, galimoto ili pamalo afulati. Anali wochepa, wakuda, akununkha zopserera, pomwe ATF (oilo wa giyabokosi ya otomatiki) wabwino nthawi zambiri amakhala wofiira.

Amakaniko atamasula sampu (chibeseni cha oilo cha pansi pa giyabokosi) anapeza sefa itatsekeka. Pa maginito a m'sampumo panali matope osalala achitsulo, osati zidutswa zosonyeza kuti china chake chathyoka m'kati, ndiye mtima unakhala m'malo. Tasintha sefa, gasiketi ndi oilo.

Pano D ikulowa msanga, koma kuchoka giya yachiwiri kupita yachitatu ikuchedwabe pang'ono. Sabata yamawa tiyeza ma solenoid (mavalavu amagetsi otsegula ndi kutseka njira za oilo kuti giya isinthe). Alipo amene zinamuchitikirapo zimenezi?