Kudila andilipitsa zomwe sindinawatume, nditani?

Abale ndithandizeni nzeru. Pikapu yanga ya dizilo ndinakaisiya kudila kuno ku Lilongwe kuti angosintha ma brake pad ndi oyilo basi, koma pokaitenga invoice yake eee, aonjezapo zoti asintha fuel filter ndi ma bush osandifunsa nkomwe, leba yokha kuposa mtengo wa zipangizozo. Ma pad omwewo nditafunsa ku Biwi mtengo wake ndi theka. Chowawa kwambiri galimoto ikulirabe kutsogoloku ndikaponda buleki, ndikaimba foni akungoti bwana tikuimbirani, ndiye zakale zomwe akuti anachotsazo akukana kundionetsa.

Kodi ku CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, amalandira madandaulo ngati amenewa? Nanga ndikapita nayo kwa makaniko wapadera warranty ithera pomwepo? Amene zinakuchitikiraniko munatani?