Ngongole ya lendi ikungokwera, kodi ndipereke notisi?

Watsopano pantchito: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndangotha miyezi isanu ndikugwira ntchito yotolera lendi ya nyumba za khonsolo kuno ku England. Pali mayi wina wa zaka 58, amakhala yekha m'fulati ya zipinda ziwiri zogona, lendi ndi £105 pa sabata. Ngongole yafika £640. Makalata atatu sanayankhe, foni sayankha. Dzulo ndinapitako, ndinamva wailesi ikulira m'kati koma chitseko sanatsegule, ndipo pagalasi la chitseko ndimaona maenvulopu athu ali mbwee pansi, osatsegula. Abwana akuti ndikonze NOSP, notisi yodziwitsa munthu kuti tikupita kukhoti kukapempha nyumba, sabata ino. Mtima ukukana.

Wakale pantchito: Achemwali, notisi isiyeni kaye. Tsegulani akaunti ya lendi mubwerere m'mbuyo chaka chathunthu. Funso ndi limodzi: ngongoleyo inadumpha kamodzi n'kuima, kapena ikukwera pang'onopang'ono ndi ndalama yofanana mwezi uliwonse?

Watsopano pantchito: Ndaona. Mayiwo amalipira mwezi uliwonse osaphonya, tsiku lomwelomwelo. Koma nthawi zonse zimaperewera ndi £63 kapena £64. Zayenda choncho miyezi khumi.

Wakale pantchito: Ndimaganiza choncho. Munthu wothawa lendi salipira tsiku lomwelomwelo ayi. Tengani 14% ya £105, mupeza £14.70 pa sabata, pa mwezi £63.70. Imeneyo ndi bedroom tax, ija inayamba mu Epulo 2013: pa thandizo la boma la lendi, chipinda chogona chimodzi chopanda munthu amadula 14% ya lendi, ziwiri kapena kuposerapo 25%. Mayiwo akungopereka zomwe a Universal Credit (thandizo la ndalama lochokera ku boma) akuwapatsa za nyumba, akuyesa ndiye lendi yonse. Alipo amene anatuluka m'nyumbamo miyezi khumi yapitayo. Fufuzani.

Watsopano pantchito: Zoona! Pa fayilo palembedwa kuti mwana wawo wamkazi anasamuka. Ine manyazi andigwira, ndimangoyang'ana nambala ya ngongole yonse ija.

Achemwali a ku Scotland: Musadandaule, tonse tinadutsamo. Kuno kwathu boma la Scotland limakwirira bedroom tax kudzera mu DHP, ndalama yoonjezera yomwe khonsolo imapereka lendi ikaperewera, ndiye mutu sutipweteka ngati inu. Koma funsitsani za mwanayo. Ngati ali ku yunivesite ndipo amabwerera pa holide, nkhani ikhoza kusintha. Komanso ngati mayiwo ali ndi ulumali ndipo pamabwera munthu wowasamalira wogona konko, chipindacho amachiwerengera.

Wa zamilandu: Ndiikepo mbali yanga, poti mafayilo anu amathera pa desiki langa. Ngati ndi secure tenant, kutanthauza wa lendi wa khonsolo wokhazikika, mukhala mukugwiritsa Ground 1 ya lamulo la Housing Act 1985, yomwe imakhudza ngongole ya lendi, ndipo pamenepo woweruza sakakamizidwa kutulutsa munthu. Amayamba waona ngati n'zomveka. Pre-Action Protocol, ndondomeko yoyenera kutsatira musanapite kukhoti, ikufuna muonetse kuti munalankhula naye msanga, munamuthandiza pa za mabenefiti, munayesa kugwirizana kalipiridwe komwe angakwanitse. Makalata atatu otuluka okha mu kompyuta ndi umboni wofooka kwambiri. Mukandibweretsera fayilo yotero ndikubwezerani. Abwana anu auzeni choncho, mwaulemu.

Wakale pantchito: Za chitsekozo, musapitenso ndi envulopu ya khonsolo. Anthu akaona chizindikiro chathu pakona mimba imawatentha, amangoponya pansi. Ine ndimalemba pamanja pa kapepala wamba: "Amayi, ndaona kuti mumalipira mwezi uliwonse. Ndalama ikuperewera si chifukwa cha inu. Ndikufuna tikonzere limodzi." Pansi dzina loyamba ndi nambala, basi. Mawu oti ngongole ndi khoti musawatchule.

Achemwali a ku Scotland: Nanga osapempha APA, dongosolo loti ndalama ya lendi ya Universal Credit izibwera molunjika kwa inu?

Wakale pantchito: Apa sizithandiza. Imene ija ndi ya munthu amene ndalama ya lendi ikumuthera m'manja, makamaka ngongole ikakwana miyezi iwiri. Mayi awa akupereka yonse yomwe akulandira. Dzenje la £63 likhalapobe. Mulembe nawo fomu yopempha khonsolo ndalama yokwirira lendi yoperewera kuti dzenjelo litsekeke kaye, kenako mukambirane pang'onopang'ono za kusinthana nyumba ndi wina wofuna zipinda ziwiri. Koma nkhani yosamukayo musayambe nayo tsiku loyamba, munthu walelera mwana m'nyumba imeneyo.

Wa zamilandu: Akakhala ndi ngongole zina, za magetsi kapena council tax, atumizeni ku mabungwe opereka uphungu pa ngongole, Citizens Advice kapena StepChange. Akalowa mu Breathing Space, dongosolo lopatsa mpumulo munthu wa ngongole, timaima kulondola ngongoleyo masiku 60, ndiye ndi bwino mudziwiretu.

Watsopano pantchito: Ndabwera ndi nkhani. Kapepala kaja ndinakaponya Lachiwiri, Lachitatu m'mawa anaimba okha. Mwana anakwatiwa, ndiye chipinda sitingachipulumutse. Amayesa makalata aja ndi owathamangitsa, moti anali atayamba kale kulongedza mbale m'makatoni. Fomu ija talemba limodzi pa tebulo la kukhitchini, ndipo avomera kumaika £5 pa sabata pa ngongole yakale. Abwana andipatsa masabata anayi. Funso lina: mu Epulo lendi itakwera, ndikuona ngati sanasinthe pa journal yawo, akaunti yawo ya Universal Credit ya pa intaneti. Tikalemba lero, a DWP, omwe amapereka Universal Credit, angabweze za m'mbuyo?

Wakale pantchito: Lembani lero lomwe, muike tsiku lenileni lomwe lendi inakwera ndi chifukwa chomwe anachedwera. Kenako mutsimikize lendiyo pa Landlord Portal, tsamba la DWP la eni nyumba, musadikire Lolemba.