Za funso lija la magiya ndi mahosipawa

Akuluakulu, paja ndinafunsa kuti nditasintha difu (magiya omaliza ofikitsa mphamvu kumateyala) ya galimoto yanga kuika yaifupi ija (yochititsa injini kuzungulira kwambiri pa liwiro lomwelo), bwanji ikukwera Ku Chawe mopepuka chonchi koma pa dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto) mahosipawa sanasinthe? Yankho ndalipeza, zikomo amene munandiyankha.

Giya siwonjezera mphamvu ya injini, imangochulukitsa torque (nyonga yozunguzira) ya kumateyala nkuchepetsa liwiro. Tiyerekeze injini ya torque 300 Nm, giya wani 3.5, difu 4.1, kumateyala kukufika 4,305 Nm (300 x 3.5 x 4.1), koma mu giya folo ya 1:1 ndi 1,230 Nm basi. Hosipawa ndi torque kuchulukitsa ndi rpm (kuzungulira kangati pa miniti) nkugawa ndi 5,252 (torque ikakhala mu lb-ft), nde torque ikakwera mateyala nkumazungulira pang'onopang'ono, ansala imabwerera pomwepo.

Chomwe chinandidabwitsa nchoti m'magiya otsika dyno imatha kuwerenga zochepa, poti injini imathamanga msanga kwambiri, mphamvu ina nkuthera pozunguza flywheel (chigudumu cholemera cha pa injini), mwinanso mateyala kuterera pa ma roller a dyno. Nchifukwa chake amayezera pa giya yoyandikira 1:1. Galimoto zokoka ndi magudumu onse anayi ngati Subaru zimatayanso mphamvu zambiri m'njira.

Koma mafuta aise, ndi difu yaifupiyi pa msewu wopita ku Blantyre rpm ikumakhala m'mwamba, thanki sikuchedwa kuphwa.