Kodi ndingapange ndekha chopopera mbewu ndi chigubu ndi pampu ya njinga?

Mlimi wa ku Tsangano analemba kuti:

Moni alimi anzanga nonse. Ndimalima tomato ndi kabichi m'dimba la theka la ekala kuno ku Tsangano m'boma la Ntcheu, komanso chimanga ekala imodzi kumtunda. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikubwereka chopopera cha kumsana kwa mnansi wanga, koma chiwawu chikagwa m'tomato chimagwa m'madimba onse nthawi imodzi, choncho tsiku limene ine ndikuchifuna ndi lomwelo limene mwini wake akuchifunanso. Chaka chatha ndinadikira masiku anayi, ndipo pamene ndinkachilandira n'kuti masamba a m'munsi atada kale.

Ndili ndi chigubu cha malita 20 chimene munali mafuta ophikira, pampu ya njinga, ndi valavu ya chubu chakale. Maganizo anga ndi oti ndiboole chivindikiro, ndiikepo valavuyo, ndilumikize payipi m'munsi, kenaka ndizipopa mpweya kuti uzikankha mankhwala. Kodi alipo amene anayesapo zimenezi? Nanga kumapeto kwa payipi ndiikeko chiyani kuti mankhwala azituluka ngati nkhungu?

Wokonza njinga zamoto wa ku Mponela anayankha kuti:

Bambo, valavu ndi pampu ya njingazo musaziike pa chigubu chimenecho. Chigubu cha mafuta chili ndi mbali zafulati, ndipo sichinapangidwe kuti chizisunga mpweya wopanikizika. Mukapopa chimafufuma ngati mimba ya chule, chivindikiro chimayamba kudontha, ndipo tsiku lina chidzang'ambika pamsoko chili pamsana panu, mankhwala onse n'kukukhuthukirani m'thupi. Ngakhale chitapanda kung'ambika, mphamvu yake imakhala yambiri mukangomaliza kupopa n'kumatsika pamene madzi akuchepa, moti mizere yoyamba imalandira mankhwala ochuluka ndipo yomalizira imangodonthezeredwa.

Njira imene ine ndinaipeza yabwino ndi yoti chigubu chikhale chosungira madzi basi, ntchito yokankha muisiyire kapampu ka magetsi ka mavoti 12, kamtundu umene umapezeka m'zopopera za batire. Kapampuko kamakoka madzi m'chigubu n'kuwakankhira ku payipi ndi mphamvu yosasinthasintha. Pa chivindikiro mubowolepo mabowo awiri: lalikulu lolowetsera payipi yokokera, imene ifike pansi pa chigubu, ndi lina laling'ono ngati la msomali lolowera mpweya, apo ayi chigubu chidzafinyika madzi akamatuluka. Musaboole m'munsi mwa chigubu monga munaganizira, pakuti bowo la pansi ngakhale mulimate ndi guluu wotani limadzadontha ndithu. Kunsonga kwa payipi yokokerayo mumangeko kasefa, ngakhale kansalu ka neti kopindidwa kangapo.

Batire ya njinga yamoto kapena ya sola ya 7Ah (muyeso wolembedwa pa batire wosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene imasunga) ndi yokwanira. Ngati kapampu kakukoka ma amp awiri, ndiye kuti pa masamu batireyo ingagwire ntchito maola atatu ndi theka, koma musamaimalize mpaka kutheratu chifukwa imafa msanga. Muikepo swichi pafupi ndi dzanja ndi fyuzi pafupi ndi batire. Ena amayesa kugwiritsa ntchito kamota kothira madzi pagalasi la galimoto poti kamapezeka motchipa kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ndinakayesa. Kanapangidwa kuti kazilira masekondi ochepa okha, ndipo kanga kanapsa ndisanamalize chigubu choyamba.

Chinanso, malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20, kuwonjezapo batire. Ngati tinjira ta m'dimba mwanu tikulola, mangirirani zonsezo pa wilibala n'kuika payipi ya mamita asanu kapena khumi, msana wanu upume ndipo mankhwala akhale kutali ndi thupi.

Mayi amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi a ku Mponela pa nkhani ya chigubu, koma funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi nkhani yaikulu. Kamutu kotulutsira mankhwala, kamene m'masitolo amakatcha nozzle, musakapange nokha. Bowo loboola ndi singano limatulutsa madontho akuluakulu amene amagubuduka pa tsamba n'kugwera pansi, ndipo mankhwala okwera mtengo amathera m'dothi. Zina zonse pangani ndi zimene muli nazo, koma kamutuka pamodzi ndi ndodo yake yokhala ndi chofinyira kagulidwe. Pa tomato ndi kabichi pamafunika kotulutsa mankhwala mozungulira ngati kansengwa, kuti nkhungu yake ifike ndi kunsi kwa masamba kumene tizilombo timabisala. Kotulutsa mopyapyala ngati chikupizo n'koyenera mankhwala opha udzu. Dithane amene mumapopera polimbana ndi chiwawu ndi waufa ndipo sasungunuka kwenikweni, amangoyandama m'madzi, choncho muziyamba mwamupondaponda m'kachitini ndi madzi pang'ono, mumusefe pothira, ndipo muzigwedeza chigubu pafupipafupi. Kamutu kakatsekeka musakapemerere ndi pakamwa, ndiponso musakatokose ndi waya chifukwa bowo limakula; katsukeni ndi madzi ndi kamswachi kakale.

Mukamaliza kupanga, musathiremo mankhwala musanadziwe kuchuluka kwa madzi amene chopoperacho chimatulutsa. Yezani malo a mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, thirani madzi okhaokha odziwika muyeso wake, poperani mukuyenda monga mmene mudzayendere tsiku lenileni, kenaka yezani otsala. Tiyerekeze kuti mwatha malita awiri. Hekitala ili ndi malo otere 100, ndiye kuti pa hekitala mungathe malita 200, pa ekala pafupifupi malita 80, ndipo pa dimba lanu la theka la ekala malita 40, zomwe ndi zigubu ziwiri. Mukadziwa zimenezi, mlingo wolembedwa pa botolo mudzaugawa molondola. Kumbukirani kuti ambiri amakuuzani mlingo wa chopopera cha malita 15 kapena 16, osati 20, ndiye musangotengera zivindikiro zimene mnansi wanu amathira. Tomato akakula masamba amachuluka, ndipo ndi bwino kuyezanso.

Mwatchulanso chimanga. Chiyambire pamene mbozi za ntchemberezandonda zinavuta, mpaka boma kulengeza mu December 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, alimi ambiri akhala akupopera pamwamba pa masamba n'kumadandaula kuti mankhwala ndi abodza. Mbozi imeneyi imakhala mkati mwa nsonga ya chimanga, ndipo ndodo iyenera kulunjika mmenemo, m'mamawa kapena madzulo. Mankhwala muzigula okhawo ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, okhala m'botolo lake ndi malembo ake, osati opungulidwa m'timabotolo ta pamsika.

Chigubucho chikangolowa mankhwala, chatha ntchito ya pakhomo. Chilembeni ndi penti yofiira, pakuti mwana amene watumidwa kumjigo sasankha chigubu.

Mlimi wa thonje wa ku Balaka anayankha kuti:

Ine ndikuona mosiyana pang'ono, achimwene. Mukaphatikiza mtengo wa kapampu, batire, ndodo, payipi ndi zomangira, mwina mupeza kuti simunasiyane kwenikweni ndi mtengo wa chopopera chamanja chatsopano, makamaka ngati batire mulibe kale. Yambani mwafunsa mitengo. Kuno kwa ife alimi a thonje zopopera zowonongeka zili m'makomo ambiri, ndipo kawirikawiri chimene chinafa ndi kalabala ka mkati mwa pampu kapena ndodo, pamene thanki ndi malamba zili bwinobwino. Thanki yotere ndi yolimba kuposa chigubu, ili ndi sefa yake pakamwa, ndipo inapangidwa mokhala bwino pamsana. Mukaipeza, kapampu ka magetsi kamene akunena a ku Mponela mukhoza kukalumikiza pomwepo. Koma mufunsitse zimene inkapopera. Ngati munkalowa mankhwala opha udzu, muitsuke kangapo ndi sopo ndi madzi ambiri, chifukwa tomato sachedwa kupiringizika masamba ndi zotsalira zochepa zokha.

Mlimi wa ku Tsangano analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Pampu ya njinga yabwerera ku njinga yake. Batire ndili nayo kale, ya sola imene timawunikira m'nyumba, ndipo mlamu wanga ali ndi thanki ya chopopera chakale imene nkhuku zimaikiramo mazira. Akuti inkangopopera mbatatesi. Loweruka ndipita ku Lizulu kukafunsa mtengo wa kapampu ndi ndodo. Mayi alangizi, mizere ya chimanga changa ndi yotalikirana masentimita 75. Poyeza madzi paja, ndiziyenda mzere umodzi umodzi monga ndidzachitire polimbana ndi mbozi, kapena muyeso wa m'dimba womwewo ukwanira?